Mutu 14: Kupalira m'Kompyuta

Makompyuta ambiri amene mungawapeze pa boma la Chitipa, ku Nthalire, ku Misuku kapena ku Kameme sanagulidwe ali atsopano m'katoni. Ena anabwera ndi achibale ochokera ku Joni. Ena anagulidwa ku Tunduma kapena ku Dar es Salaam, ena ku Mzuzu ndi ku Lilongwe m'mashopu a malaputopu a kaunjika ochokera ku Ulaya, ku America ndi ku Dubai. Pofika kwa mphunzitsi wa ku Wenya kapena mlembi wa kalabu ya alimi a khofi ku Misuku, laputopu ya HP, Dell kapena Lenovo imakhala itadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse limasiyamo kanthu.

Kanthu kameneka ndi mapulogalamu amene mwini watsopanoyo sanawapemphe, sawadziwa, ndipo sadzawatsegula n'komwe. Odziwa za makompyuta amawatcha bloatware. Munthu wa ku London amene amalipira intaneti yopanda malire pamwezi sawaona ngati vuto. Kuno n'zina. Intaneti ya laputopu imachokera pa foni, pa bandulo ya Airtel kapena TNM yogulidwa ndi ndalama zowerengeka. Moto ndi wa sola kapena wa ESCOM umene ungathime nthawi iliyonse, ndipo batire la laputopu ya kaunjika likapirira ola limodzi mumathokoza. Makina akafa, wokonza wa pa boma n'kulephera, ulendo wake ndi wa ku Karonga, makilomita pafupifupi 100, kapena ku Mzuzu, makilomita oposa 300. Pulogalamu iliyonse imene imadziyatsa yokha mwakachetechete ikudya ndalama zanu.

Anaikamo ndani?

Oyamba ndi opanga makinawo. Phindu la pa laputopu imodzi yotchipa ndi lochepa, choncho opanga amalandira ndalama kwa eni mapulogalamu kuti awaikiretu makina asanachoke kufakitale. N'chifukwa chake laputopu yatsopano imabwera ndi McAfee kapena Norton yongolawitsa kwa masiku 30, timasewera, ndi tizithunzi tokutengerani ku masamba a malonda. Mu 2008 kampani ya Sony inaulula yokha mmene malondawa amayendera: inauza ogula malaputopu ena a Vaio kuti wofuna makina opanda zowonjezerazi alipire madola 50 pamwamba. Anthu atakwiya, mtengowo unachotsedwa posakhalitsa.

Zina mwa zoikidwa kufakitale sizongolemetsa chabe, n'zoopsa. Kuyambira mu 2014 Lenovo inkaika pulogalamu ya kampani ya Superfish m'malaputopu ogulitsa kwa anthu wamba. Ntchito yake inali kulowetsa zotsatsa malonda pa masamba a intaneti amene munthu akuwerenga. Kuti itero ngakhale pa masamba otetezedwa, monga a banki, inkakhalira pakati pa munthu ndi tsambalo n'kumamasula zonse zodutsa. Kiyi wachinsinsi wochitira zimenezi anali mmodzi yemweyo m'malaputopu onse, ndipo mu February 2015 katswiri wina, Robert Graham, anamutulukira m'maola ochepa. Kuchokera pamenepo mbava yokhala pa Wi-Fi imodzi ndi mwini laputopu ikanatha kudzionetsa ngati banki yake. Mu 2017 Lenovo inavomera kulipira madola 3.5 miliyoni ku zigawo 32 za dziko la America. Ma ThinkPad, omwe ndi ambiri pa msika wa kaunjika, sanakhudzidwe. Koma amene ali ndi Lenovo ya mtundu wa G, Y, Z, Flex kapena Yoga ya zaka zimenezo, yoti sinafomatidwepo, afufuze dzina loti Superfish kapena VisualDiscovery.

Achiwiri ndi a Microsoft eni ake. Windows 10 itatuluka mu July 2015 inkadziikira sewero la Candy Crush Saga popanda kufunsa. Lero mumapezamo Xbox, Solitaire, News, Weather, OneDrive, Teams, Clipchamp ndi Copilot. Mu Windows 11 muli msampha wina: tizithunzi tina ta pa Start, monga ta Spotify kapena TikTok, si mapulogalamu enieni koma zitseko chabe. Mwana akangodinapo, pulogalamuyo imayamba kudawuniloda, bandulo n'kupita.

Achitatu sawatchula kawirikawiri m'mabuku olembedwa kunja, komatu kwathu kuno ndiwo aakulu. Ndikunena anyamata ofomata. Mukawapatsa laputopu amatulutsa fulashi kapena hard disk yawo n'kukuthirirani zonse zimene ali nazo, chifukwa kasitomala amasangalala akaona sikirini yadzaza. Amakubwezerani monyadira kuti "ndakuikiranimo zonse". Mukawerenga mupeza mapulogalamu atatu oonerera mafilimu, mabrowser atatu, Virtual DJ chikhalirecho simuimba pa ukwati uliwonse, Format Factory, SHAREit, ndi antivayirasi awiri kapena atatu olimbirana fulashi imodzi. Pansi pa zonsezi nthawi zambiri pamakhala kapulogalamu monga KMSPico, konamiza Windows ndi Office kuti zinagulidwa. Kuti kalowe, wofomata amayamba wazimitsa chitetezo cha Windows, ndipo sikuti onse amakumbukira kuchiyatsanso. Makope ambiri a kapulogalamu kameneka amene ali pa intaneti amabwera ndi mavayirasi oba mapasiwedi. Sindikunyoza anyamatawa: popanda iwo theka la makompyuta a m'maboma akutali likanakhala lili pansi pa bedi. Koma ambiri anaphunzira ntchitoyi poonera anzawo, ndipo fulashi yawo nayonso anachita kukopera kwa wina.

Nkhondo yakale ya batani la Uninstall

Mwina munayesapo kuchotsa Microsoft Edge n'kupeza kuti batani la Uninstall ndi lotuwa, silidinika. Mkangano umenewu ndi wakale. Mu 1998 boma la America linasumira Microsoft chifukwa chomatirira Internet Explorer mu Windows pofuna kugwetsa Netscape. Microsoft inati browser ndi chiwalo cha Windows, sichingachotsedwe popanda kuwononga zonse. Pulofesa Edward Felten wa ku yunivesite ya Princeton anabwera kukhoti ndi pulogalamu yosonyeza kuti ingachotsedwe. Mu 2004 bungwe la mayiko a ku Ulaya linalipiritsa Microsoft ma euro 497 miliyoni, n'kuilamula kugulitsanso Windows yopanda Media Player. Ndipo kuyambira mu 2024, chifukwa cha lamulo lotchedwa Digital Markets Act, munthu wa ku Germany kapena France akhoza kuchotsa Edge mwa kungodina batani lomwe lija. Wa ku Chitipa sangathe, chifukwa lamulolo silifika kuno. Windows ndi yomweyo, makina ndi omwewo. Ndiye mukamva kuti "sichingachotsedwe", nthawi zina mukumva zoona za kapangidwe ka makina, nthawi zina mukumva zofuna za wogulitsa. Luso lonse lagona pa kusiyanitsa ziwirizi.

Yambani ndi kuona

Mlimi wa mawere ku Chitipa amadziwa kuti udzu wovuta si wa masamba aakulu woonekera patali, koma uja wofanana ndi mawere enieniwo akadali aang'ono. Wopalira mopupuluma amazula mbewu n'kusiya udzu. M'kompyutamo, anthu amathamangira kuchotsa dzina lachilendo lolembedwa Realtek, mawu n'kusiya kumveka, pamene pulogalamu yodya bandulo yakhala phee ndi chithunzi chake chokongola.

Musanakhudze chilichonse, koperani mafayilo anu pa fulashi kapena hard disk ina: ma CV, zithunzi, malipoti a ana asukulu, kaundula wa kalabu. Kenako lembani "Create a restore point" pa malo ofufuzira a pa Start, mutsegule, mudine Create. Zikadzalakwika, Windows idzatha kubwerera mmene inalili tsiku limenelo. Ntchito ya mphindi ziwiri imeneyi ndi imene ingakupulumutseni ulendo wa ku Karonga.

Tsopano funsani makinawo kuti akuuzeni okha wakuba ndani. Mu Settings, pansi pa Network & Internet, pali Data usage. Pamenepo pamaoneka pulogalamu iliyonse ndi ma megabayiti amene yadya m'masiku 30 apitawa. Ambiri amadabwa kuona kuti wadya kwambiri si Facebook kapena YouTube koma System, OneDrive kapena pulogalamu imene sanaitsegulepo. Mukatero dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, mupite pa Startup. Awa ndi mapulogalamu amene amadzuka limodzi ndi kompyuta nthawi iliyonse mukaiyatsa, ndipo pambali pa dzina lililonse palembedwa High, Medium kapena Low kusonyeza kulemera kwake. Teams, Spotify, Skype, Adobe, IDM, uTorrent: dinani chilichonse mwa izi, kenako Disable. Simunachotse kanthu, mwangowauza kuti adikire mpaka muwaitane. Kwa laputopu ya RAM ya 4 GB, sitepe iyi yokha imabweretsa kusintha kwakukulu kuposa ina iliyonse yaulere, ndipo ilibe ngozi.

Palinso batani limodzi loyenera kudziwidwa ndi aliyense wolumikiza laputopu ku hotspot ya foni. Windows ikaona Wi-Fi imaganiza kuti ndi yopanda malire. Pitani pa Properties ya netiweki ya foni yanuyo muyatse Metered connection. Mukatero Windows imachepetsa zodawuniloda mwamseri, OneDrive nayo imadikira.

Kuchotsa kwenikweni

Mu Settings pitani pa Apps. Mu Windows 10 mndandandawo umatchedwa Apps & features, mu Windows 11 Installed apps. Mukhoza kuusanja potsata kukula kapena tsiku limene pulogalamu inaikidwa, ndipo tsikulo limaulula zambiri: zonse zoikidwa tsiku limodzi ndi kufomata ndi katundu wa pa fulashi ya wofomata uja. Masewera, mapulogalamu ongolawitsa, ma toolbar, browser yachitatu, zonse zodzitcha PC Cleaner, Booster kapena Driver Updater, chotsani mosanyinyirika. Zoonerera mafilimu siyani imodzi, VLC imakwana. Chotsani chimodzi chimodzi, ndipo mukachotsa zingapo zimitsani makina muwayatsenso, muone ngati mawu, Wi-Fi, touchpad ndi printa zikugwirabe. Mukachotsa makumi awiri nthawi imodzi china n'kufa, simudzadziwa kuti wapha ndani.

Mayina awa asiyeni ngakhale akuoneka osasangalatsa: Intel, AMD, NVIDIA, Realtek, Synaptics, ELAN, Conexant. Amenewa ndi ma driver oyendetsa sikirini, mawu, netiweki ndi touchpad. Wochotsa driver ya Wi-Fi amadzitsekera kunja, chifukwa kuti aipezenso afunika intaneti yomweyo. Siyaninso Microsoft Visual C++ Redistributable. Imaoneka kangapo, ya 2010, ya 2013, ya 2015, ndipo munthu amaganiza kuti ndi zobwereza. Ayi, pulogalamu iliyonse imadalira yake. Chimodzimodzi .NET, WebView2, ndi kapulogalamu ka wopanga laputopu koyendetsa mabatani a Fn. Dzina limene simukulidziwa, lifufuzeni pa foni musanalikhudze.

Za antivayirasi anthu amakangana, koma chiweruzo changa n'chakuti Microsoft Defender, imene ili kale mu Windows 10 ndi 11, imakwanira munthu wamba malinga ilandire ma apudeti. McAfee kapena Norton yotha masiku, yongokukumbutsani kulipira ndi khadi imene mulibe, ichotseni. Makampani onse awiri ali ndi timapulogalamu tawo tosesa zotsalira ngati Uninstall yakanika. Smadav, ya ku Indonesia, imene imakondedwa m'malo oikira nyimbo chifukwa cha vayirasi yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut, inapangidwa kuti ikhale yothandizira chabe poyang'ana mafulashi. Mukamaliza, tsegulani Windows Security muonetsetse kuti chitetezo n'choyaka.

OneDrive imafuna ulemu pang'ono. Ngati munalowa mu Windows ndi akaunti ya Microsoft, mwina mafayilo a pa Desktop ndi mu Documents anasamukira ku intaneti, m'makinamo mwangotsala mayina okhala ndi kachizindikiro ka mtambo. Yambani mwawatsitsa posankha Always keep on this device, kenako Unlink this PC, ndiyeno muichotse.

Pamene mpeni umafika pa fupa

Pali chipinda china chamkati. Mukalemba "Turn Windows features on or off" mumapeza ziwalo za Windows zimene mungazimitse pochotsa kachongi. Pano Microsoft yakupatsani chilolezo, ndipo chimene mwazimitsa mungachiyatsenso. Chofunika kuyang'ana ndi SMB 1.0, njira yakale yogawanira mafayilo imene vayirasi ya WannaCry inadzera mu May 2017 n'kuimitsa zipatala zambiri ku Britain. Ngati ili yoyaka, izimitseni. Okhawo oyenera kusamala ndi eni mashopu a fotokope: makina ena akale otumiza zosikana ku kompyuta amadziwa njira yokhayo. Microsoft Print to PDF musaikhudze, mudzaifuna potumiza kalata yofunsira ntchito.

Mapulogalamu ambiri a Microsoft amachoka mukadina batani lakumanja la mausi pa chithunzi chake pa Start n'kusankha Uninstall. Amakani amachoka ndi PowerShell. Mwachitsanzo, lamulo loti Get-AppxPackage *solitaire* | Remove-AppxPackage limachotsa sewero la makadi lokha. Taonani dzina lili pakati pa tinyenyezito. Mukapanda kulilemba, lamulolo limasesa zonse zimene lingathe, kuphatikizapo Calculator, Photos ndi Microsoft Store, ndipo Store ikapita, njira yapafupi yobwezeretsera zinzakezo yapita nayo. Mavidiyo ambiri a pa YouTube olonjeza kompyuta yothamanga amapereka malamulo otere popanda chenjezo. Lamulo limene simukumvetsa liwu lililonse la m'menemo, musalilembe.

Foda ya WinSxS imaoneka yaikulu, ndipo amene ali ndi kalaputopu ka 32 GB monga HP Stream amaiyang'ana ndi njala. Musachotsemo kanthu ndi manja. Mmenemo ndi mmene Windows imasungira ziwalo zake. Tsegulani Disk Cleanup, mudine Clean up system files, muchonge Windows Update Cleanup ndi Previous Windows installations. Yachiwiriyi ndi foda ya Windows.old, imene yokha ikhoza kutenga magigabayiti oposa 10. Zilankhulo zimene laputopu inabwera nazo, Chijeremani, Chijapani kapena Chiarabu, zimachotsedwa mu Settings pansi pa Time & Language. Edge ingoisiyani: sankhani Chrome kapena Firefox pa Default apps, basi. Kuizula mokakamiza kumasokoneza zinthu zina, ndipo nthawi zambiri imabwereranso ndi apudeti yotsatira.

Ofomata ena amayenda ndi Windows yodulidwadulidwa, yotchedwa Lite kapena Super Lite, imene munthu wosadziwika anachotsamo ziwalo kuti ipepuke. Imathamangadi. Koma kawirikawiri chimene chachotsedwa ndi Defender ndi Windows Update, ndipo palibe angakutsimikizireni chimene chawonjezedwamo. Pa makina oimbira nyimbo, osalowa pa intaneti, zili kwa inu. Pa makina amene mumatsegulirapo akaunti ya ku banki, imelo ya kuntchito kapena mayina a anthu, ayi ndithu. Kuzimitsiratu Windows Update n'kulakwitsa kofanana, ngakhale chifukwa chake n'chomveka. Njira yabwino ndi Metered connection tsiku ndi tsiku, kenako kamodzi pamwezi kupeza Wi-Fi kapena bandulo yotchipa n'kulola ma apudeti alowe.

Ngati zinyalala zachuluka moti simukudziwa poyambira, pali Reset this PC. Sankhani Keep my files, ndipo ikakufunsani ngati ibwezeretse mapulogalamu a kufakitale, kanani. Sankhaninso Local reinstall, chifukwa Cloud download imadya magigabayiti oposa 4. Onetsetsani kuti moto ulipo wokwanira. Magetsi akathima ntchitoyi ili pakati, batire lili lofooka, makina akhoza kukana kudzuka.

Zonsezi n'za makina anu. Kompyuta ya kusukulu kapena ku ofesi ili ndi eni ake. Mabungwe monga Turing Trust ya ku Scotland, imene imagwira ntchito ndi Centre for Youth and Development ya ku Mzuzu popereka makompyuta m'sukulu, amayamba afufuta zonse zakale n'kuikamo zophunzirira zosafuna intaneti. Foda yaikulu imene mphunzitsi akuiona ngati yodya malo ikhoza kukhala laibulale yonse ya sukuluyo.

Foni nayo ili ndi vuto lomweli. Mu 2020 ofufuza a Secure-D anapeza kuti mafoni ena a Tecno W2 ogulitsidwa m'mayiko monga Ethiopia, Ghana ndi South Africa anali ndi mapulogalamu oipa otchedwa Triada ndi xHelper, olembetsa anthu mwamseri ku zinthu zolipira. Kampani ya Transsion, eni Tecno, inati vutolo linachokera kwa wina wowagulitsa zipangizo. Pa foni ya Android, pulogalamu yokana kuchoka nthawi zambiri imalola Disable, ndipo mungaitsekerenso Background data.

Zimene kuchotsa sikungachite

Laputopu ya zaka khumi yokhala ndi hard disk yozungulira idzachedwabe ngakhale mutaisesa bwanji. Mukaona mu Task Manager kuti Disk yakhazikika pa 100% pamene simukuchita kanthu, mankhwala ake ndi SSD. Kuika SSD ya 128 kapena 256 GB, ndi kukweza RAM kufika 8 GB ngati makina alola, kumaposa china chilichonse chatchulidwa m'mutu uno.

Palinso nkhani ya nthawi. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndi Windows 10 pa 14 October 2025, kupatula kwa olembetsa nthawi yowonjezera. Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kapena yofanana nayo ya AMD. Malaputopu ambiri a kaunjika safika pamenepo, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene makampani akunja akuwatulutsira. Kwa makina otere, Linux Mint kapena Ubuntu ndi njira yoyenera kuiganizira. Ndi zaulere mwalamulo, zimabwera ndi LibreOffice yotsegula mafayilo a Word ndi Excel, ndipo mungaziyese kuchokera pa fulashi musanafufute Windows. Vuto lake ndi lakuti printa zina ndi mapulogalamu ena a kuntchito amafuna Windows, ndipo wodziwa Linux woti n'kumufunsa sapezeka paliponse.

Ntchito yambiri imapewedwa pogula pomwe. Musanapereke ndalama, pemphani wogulitsa ayatse makina inu muli pomwepo. Onani ngati BIOS ilibe pasiwedi ya kampani yakale, ngati Windows sikupempha akaunti ya bungwe lina, ndi ngati Windows Security ili yoyaka. Tsegulani mndandanda wa Apps muwerenge. Ndipo mukamakafomatitsa, lembani papepala mapulogalamu amene mumagwiritsadi ntchito, mumupatse wofomatayo, mumuuze kuti aike amenewo okha.